Gaston Defferre: wogawa mphamvu za Paris, woumira ndi za Marseille

Mu Epulo 1967, kuseri kwa nyumba ina ku Neuilly-sur-Seine pafupi ndi Paris, aphungu awiri a nyumba ya malamulo ya France anavula majekete n'kusololerana malupanga. Gwero lake linali chipongwe: mkati mwa zokambirana, Gaston Defferre anakalipira René Ribière kuti atseke pakamwa, n'kumutcha chitsiru, ndipo kupepesa anakana. Ribière anachekedwa kawiri, ndewu n'kuthera pompo. Amati aka kanali komaliza ku France kuti anthu athetse mkangano mwanjira imeneyi. Wopambanayo anali Defferre, bambo wa zaka 56, meya wa mzinda wa Marseille.

Defferre anabadwa mu 1910, anaphunzira zamalamulo, ndipo pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse anali m'gulu lachinsinsi la Brutus lolimbana ndi Ajeremani. Marseille atamasulidwa mu Ogasiti 1944, iye ndi anzake analanda nyuzipepala ina n'kuitcha Le Provençal. Umeya anaulawa kaye mu 1944 ndi 1945, koma atabwerera pampando mu 1953 sanachokeponso kwa zaka 33. Taganizani: mfumu ya mzinda ndi mwini nyuzipepala yaikulu ya mumzindamo, munthu mmodzi. Ngakhale anali wa chipani cha Socialist, adani ake enieni padoko la Marseille anali achikomyunizimu, moti kwa zaka zambiri ankalamulira mogwirizana ndi zipani zosafuna kusintha zinthu, bola achikomyunizimu asanunkhe mpandowo.

Ku Africa dzina lake limakumbukika chifukwa cha lamulo la 1956. Ali nduna yoona za maiko atsamunda m'boma la Guy Mollet, anagwira ntchito ndi Félix Houphouët-Boigny wa ku Côte d'Ivoire kukonza lamulo lopatsa munthu wamkulu aliyense ufulu wovota, mzungu ndi wakuda pamndandanda umodzi, ndiponso lopatsa dera lililonse kaboma kakekake. Léopold Senghor wa ku Senegal sanakondwe nalo. Iye anaona kuti mphamvu zikapita kudera lililonse palokha, chitaganya chachikulu cha kumadzulo kwa Africa chiphwasuka n'kusanduka timaiko ting'onoting'ono. Pofika 1960 zinaterodi.

Upulezidenti wokha unamukana: mu 1969 anapeza mavoti 5 okha pa 100 alionse.

François Mitterrand atapambana upulezidenti mu 1981, anamupatsa unduna wa zam'dziko. Lamulo la pa 2 Malichi 1982 linachotsa mphamvu zambiri m'manja mwa mabwanamkubwa otumidwa ndi Paris n'kuzipereka kwa makhonsolo osankhidwa ndi anthu. M'dziko lomwe chilichonse chinkadikira sitampa ya kulikulu, iyi sinali nkhani yamasewera, ndipo ine ndimaiona ngati ntchito yake yaikulu kuposa sitima zapansi panthaka zimene anatsegulira Marseille mu 1977.

Koma kwawo dzanja linali lofumbata. Chaka chomwecho cha 1982 anadutsitsa lamulo loti Paris, Lyon ndi Marseille azivota m'zigawo, ndipo malire a zigawo za Marseille anadulidwa iye ali nduna yoyang'anira zisankho. Pachisankho cha 1983, wopikisana naye Jean-Claude Gaudin anapeza mavoti ambiri mumzinda wonse, koma makhansala ambiri anagwera kwa Defferre. Wogawa nyama ndi yemweyo anatola chiwindi. Gaudin anadikira mpaka 1995 kuti akhale meya.

Amene anamugwetsa anatuluka m'nyumba momwemo. Mu Meyi 1986, pamsonkhano wa chipani m'chigawo cha Bouches-du-Rhône, momwe muli Marseille, gulu la Michel Pezet, yemwe Defferre anamulera yekha pandale, linamugonjetsa pa nkhani ya amene atsogolere chipani. Usiku womwewo mkuluyo anagwa m'nyumba mwake n'kuvulala m'mutu, ndipo anamwalira pa 7 Meyi ali ndi zaka 75, akadali meya.