Musanamupatse ntchito yokhoma denga, kaoneni kaye komwe anakhoma kale

Pa zaka zimene ndayang'anira ntchito zomanga kuno ku Mulanje, funso limene limandipeza kawirikawiri ndi lakuti, "Bambo, kalipentala wodalirika wa denga tingamupeze kuti?" Ndimayankha kuti nkhani ya mtengo ibwere pambuyo. Choyamba, munthuyo akuperekezeni ku nyumba imene anakhoma zaka zitatu kapena zinayi zapitazo. Denga latsopano lililonse limakongola, malata ali waliwali. Limene lapirira madzinja angapo, makamaka limene linaima nji nthawi ya namondwe Freddy mu Malichi 2023, ndi limene lingakuuzeni zoona za mmisiri.

Mukafika musathere pabwalo. Pemphani eni ake mulowe, muyang'ane m'mwamba. Ngati mulibe siling'i, masana timabowo timaonekera tokha chifukwa cha kuwala. Ngati ilimo, fufuzani mabanga achikasu m'makona. Kenako funsani mayi a pakhomopo, kalipentala ali potero: "Mayi, mvula ikamagwa usiku, beseni mumatchera pati?" Amene amakolopa madzi m'mawa sabisa.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri kuno kwathu ndi mphepo. Ambiri amaganiza kuti mphepo imakankha denga, chonsecho imaliyamwa kuchokera pamwamba, kwinaku ina ikulowa pansi pa malata a m'khonde n'kumalinyamula. Ndinaitanidwapo pa nyumba ina cha ku Chitakale mphepo itasasula denga. Tinalipeza m'munda wa chimanga lili lathunthu, misomali yonse ili m'malo, malata osang'ambika. Nditakwera pakhoma ndinapeza kuti thabwa lokhala pamwamba pa njerwa linangogonekedwa pamatope a simenti, popanda chomangira ngakhale chimodzi. Banjalo linagula malata abwino ndi ndalama za tiyi zimene linasunga nthawi yaitali, ndipo mpaka lero zimandiwawa ndikakumbukira.

N'chifukwa chake funso lalikulu kwa kalipentala ndi ili: "Dengali mulimangirira bwanji kukhoma?" Wodziwa ntchito adzakuuzani za waya wokhuthala kapena chitsulo chopyapyala chija cha hupu ayironi, chimene chimakwiriridwa mu ring'i bimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa khoma) kapena mizere ingapo ya njerwa kutsika pansi, n'kudzazengeza thabwa ndi trasi iliyonse (matabwa okhomedwa mwa makona atatu amene amanyamula denga). Adzafunanso kukumana ndi womanga khoma lisanathe, chifukwa waya ameneyu salowa bwino khoma litauma kale. Akakuyankhani kuti denga limakhala lokha ndi kulemera kwake, muthokozeni, mufune wina.

Pa malata, dziwani kuti nambala ya geji (muyeso wa kukhuthala kwa lata) ikamachepa ndiye kuti lata ndi lokhuthala: geji 28 imaposa 30, ndipo 30 imaposa 32. Pitani limodzi ndi kalipentala kokagula, kaya ndi ku Luchenza kaya ku Limbe, lisiti likhale m'manja mwanu. Pokhoma, msomali umalowa pamwamba pa msana wa lata, osati m'ngalande momwe mumayenda madzi, ndipo ukhale wa chipewa. Malata a mizeremizere azipitirirana mzere umodzi ndi theka m'mbali. Ena amachepetsa pamenepa kuti malata atsaleko, koma chiperoni chikabwera mu Juni ndi kamvula kake koyenda chammbali, madzi amalowera pomwepo.

Matabwa nawo amanamiza. Bulugama kapena paini wongochekedwa kumene amaoneka wowongoka, koma akamauma ali padenga amapindika, misomali n'kukhwepa. Nyamulani thabwa limodzi: lauwisi limalemera ndipo limazizira m'manja. Onetsetsani kuti matabwa apakidwa mankhwala a chiswe asanakwere, makamaka kumapeto komwe achekedwa. Wina akakunong'onezani kuti akupezerani mkungudza wa m'phiri, kanani. Mtengo umenewu ndi wotetezedwa ndi lamulo, ndipo watsala pang'ono kutheratu.

Mapepala ali ndi malo ake. Satifiketi ya TEVETA, bungwe loona za maphunziro a ntchito zamanja, imasonyeza kuti munthu anaphunzira, ndipo ngati ndi kampani yogwira ntchito yaikulu monga sukulu kapena tchalitchi, ikuonetseni umboni woti inalembetsa ku bungwe loyang'anira makontrakitala. Komabe ndikudziwa amisiri a m'midzi opanda pepala lililonse amene madenga awo sanasunthe ndi Freddy, kotero pepala lisalowe m'malo mwa ulendo uja wokaona ntchito.

Mukagwirizana, lembani ngakhale m'kope la mwana wa sukulu: mtengo wonse, amene akugula misomali ndi waya, chiwerengero cha matrasi, ndi tsiku lomaliza. Musainirane pali mboni, kaya ndi amfumu kaya mkulu wa mpingo. Ndalama perekani m'magawo, kagawo koyambira, kena matabwa akakwera, kena malata akatha. Matabwa akakwera, malata asanafike, kwerani makwerero nokha mukagwedeze trasi iliyonse ndi dzanja, muone ngati waya wazengadi. Gawo lomaliza, ngakhale laling'ono, muuzeni poyambirira pomwe kuti mudzamupatsa ikagwa mvula yoyamba yamphamvu.