Harriet Tubman, mayi amene anathawa ukapolo n'kubwereranso

M'madambo a dera la Dorchester, ku Maryland m'dziko la America, muli malo amene boma limawasunga lero pokumbukira mayi wina amene sankadziwa kulemba kapena kuwerenga. Anabadwira komweko cha m'ma 1822, ndipo makolo ake, Ben Ross ndi Harriet Green, omwe onse anali akapolo, anamutcha Araminta. Azichemwali ake atatu anagulitsidwa kutali, banjalo silinawaonenso. Iyenso ali mtsikana, kapitawo wina anaponya chitsulo cha pasikelo pofuna kugenda kapolo amene ankathawa, koma chitsulocho chinafikira pamutu pake, moti moyo wake wonse ankadwala mutu ndipo nthawi zina ankangogwa tulo mwadzidzidzi.

Mbuye wake, Edward Brodess, atamwalira mu 1849, zinali zoonekeratu kuti akapolo a pakhomopo agulitsidwa. Apa n'kuti iye atakwatiwa ndi John Tubman n'kutenganso dzina la mayi ake, Harriet. Anathawa nayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 145 mpaka ku Philadelphia, kumene kunalibe ukapolo.

Othawa analipo ambiri, koma chimene chimamusiyanitsa mayiyu n'chakuti anabwerera, pomwe lamulo la mu 1850 linali litalola eni akapolo kukagwira othawa ngakhale m'madera aufulu. Anabwerera maulendo pafupifupi 13 ndipo anatulutsa anthu okwana ngati 70, ambiri mwa iwo abale ndi anansi ake. Ankakonda kuyenda m'nyengo yozizira, pamene usiku umatalika, ndipo ankanyamuka Loweruka madzulo podziwa kuti zidziwitso za akapolo othawa sizituluka m'nyuzipepala mpaka Lolemba. Nyenyezi yakumpoto ndiyo inkamulozera njira, masana n'kumabisala m'madambo kapena m'nyumba za anthu a mtima wabwino monga Thomas Garrett wa ku Wilmington. Mgwirizano wachinsinsi umenewu unkatchedwa Underground Railroad, ngakhale kuti panalibe njanji kapena sitima. Ambiri ankakawasiya ku St. Catharines m'dziko la Canada, ndipo mu 1857 anakatenga makolo ake okalamba. Anthu anamupatsa dzina lakuti Mose.

Si ulendo uliwonse umene unamuthera bwino. Mu 1851 anakapeza mwamuna wake atakwatira mkazi wina, ndipo mu 1860, atapita kukatenga mchemwali wake Rachel, anamva kuti anamwalira kale.

Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku America, pakati pa madera akumpoto ndi madera akumwera amene ankasunga akapolo, anagwira ntchito ya unamwino ndi ukazitape kumbali ya akumpoto, ndipo mu June 1863 anathandiza kutsogolera asilikali a Colonel James Montgomery pamtsinje wa Combahee ku South Carolina, kumene akapolo oposa 700 anamasulidwa pa ulendo umodzi wokha. N'zomvetsa chisoni kuti boma limene analitumikira chotero linamusiya akuvutika ndi umphawi kwa zaka zoposa 30, kufikira mu 1899 pamene linakweza penshoni yochepa imene ankalandira kufika pa madola 20 pamwezi. Ngakhale zinali choncho, khomo lake ku Auburn, New York, linkalandira osowa pokhala, ndipo mu 1908 anatsegula nyumba yosungiramo okalamba achikuda. Anamwalirira m'nyumba yomweyo pa 10 March 1913, n'kuikidwa m'manda a Fort Hill ndi mwambo wachisilikali.