Msana wagwira pochapa kapena pokolopa? Chonde musagone n'kumadikira

Ndalemba izi chifukwa cha voisi noti ina yomwe ikuzungulira pa WhatsApp, anthu atatu anditumizira kale sabata ino yokha kufunsa ngati ndi zoona. Mwini wakeyo akuyankhula motsimikiza kwambiri, akuti msana ukakugwira uzigona pansi pa simenti masabata awiri osadzuka, mwana azikuponda pamsana m'mawa ndi madzulo, fupa lomwe lachoka m'malo libwerera lokha. Abale anga, ine odwala msana ndimakumana nawo pafupifupi tsiku lililonse kuntchito, ndipo ndikukuuzani kuti malangizo amenewa ndi olakwika, kwa anthu ena ndi oopsa ndithu. Palibe fupa lomwe limachoka m'malo chifukwa choti mwanyamula ndowa. Ndipo kugona chigonere n'kumadikira ndi kumene kukutiwonongera anthu.

Za m'buku ndingodutsa mwachangu. Kumunsi kwa msana, apa ambiri timati m'chiuno, kuli mafupa 5 osanjikizana, madokotala amawatchula L1 mpaka L5. Pakati pa fupa ndi fupa pali kakhushoni kotchedwa disiki, kunja kwake kolimba mkati mwake kofewa, ndipo zonsezi zagwiridwa ndi minofu. Mukawerama miyendo ili chiwongokere n'kunyamula chinthu cholemera, makamaka mukatembenuka muli chinyamulire, minofu ija imabinya, pena disiki imafutukira kumbuyo n'kukanikiza mtsempha wopita kumwendo. Kawirikawiri zimachitikira m'munsi mwenimweni, pa L4 ndi L5 kapena pansi pa L5. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni pa dziko lonse anali ndi vuto la msana wa m'munsi, ndipo pa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 sipapezeka nthenda yeniyeni yoti n'kuiloza. Nkhani yabwino ndi imeneyo, ambiri mwa inu msana wanu sunathyoke, sunawonongeke, ndipo ululu umachepa kwambiri pasanathe masabata 6.

Koma umachepa mwa munthu amene akuyendayenda. Apa ndi pomwe timasemphana ndi odwala anga. Munthu amati ndikayenda ukupweteka nde kuli bwino ndigone, zimamveka ngati zanzeru eti, koma thupi siligwira ntchito choncho. Mukagona masiku ambiri minofu yomwe imagwira msana imafooka, chiuno chimauma gwa, tulo timasokonekera, mantha amakula, nde tsiku lomwe mwati ndidzuke mumapeza ululu waposa poyamba, n'kubwereranso pabedi, basi mwalowa m'khola lovuta kutulukamo. Kale madokotala nawonso ankalembera anthu kugona masabata, koma kafukufuku anadzaonetsa kuti amene akupitiriza kuyenda ndi kugwira tintchito topepuka amachira msanga kuposa ogona, ndipo malangizo anasintha kalekale. Amene akufalitsa voisi noti ija akugawa mankhwala omwe achipatala anawataya.

Nde mupange bwanji msana ukagwira? Tsiku loyamba ndi lachiwiri ngati ululu wanyanya pumulani, palibe akukuletsani, koma muzidzuka pafupipafupi, kuyenda m'nyumba momwemo kaya mphindi 5 zokha, kenako mawa lake kuonjezera pang'ono. Pogona gonani chammbali mutaika pilo pakati pa mawondo, kapena chagada pilo ili pansi pa mawondo. Podzuka musadzuke ngati mwadzidzimuka, yambani mwatembenukira kumbali, tsitsani miyendo, kenako dzikankheni ndi mkono. Kuthowa kumathandiza, nsalu ya madzi ofunda kapena botolo la madzi otentha lokulunga m'thawulo mphindi 15 kapena 20, osaika pakhungu mwachindunji ndipo osagona nalo, ndaonapo anthu atabwera ndi chilonda chamoto pamwamba pa msana wopweteka. Kusisita pang'onopang'ono kulibe vuto. Koma kupondedwa ayi. Phazi la mwana silidziwa pomwe pali disiki yotupa, ndipo kwa agogo omwe mafupa awo anayamba kufewa, kuponda kumeneko kutha kuthyola fupa la msana lomwe linali labwinobwino.

Tsopano mvetserani bwino apa, chifukwa ndi chomwe chandikhalitsa pansi kulemba usiku uno. Mtsempha waukulu wa mumsana umathera chapamwamba pa chiuno, cha pa L1 ndi L2, kuchokera pamenepo kutsika pamakhala mtolo wa mitsempha ing'onoing'ono womwe amautchula cauda equina, kutanthauza mchira wa hatchi chifukwa umaonekadi choncho. Mitsempha imeneyi ndi yomwe imalamulira chikhodzodzo, chimbudzi, kumaliseche ndi miyendo. Nthawi zina, sizichitika kawirikawiri koma zimachitika, disiki imaphulika kwambiri n'kufinya mtolo wonsewu. Zikatero munthu amamva dzanzi pakati pa miyendo, kumaliseche, m'matako, podzipukuta kuchimbudzi osamva kuti pepala lakhudza. Mkodzo umavuta kuyamba, kapena chikhodzodzo chimadzadza iye osamva, kapena amangozindikira wadzikodzera. Ena chimbudzi chimangotuluka osadziwa. Ululu kapena dzanzi zimatsikira miyendo yonse iwiri, miyendo kumafooka, phazi kumakhwekhwereza poyenda. Mukaona chimodzi chokha mwa zimenezi, pitani kuchipatala nthawi yomweyo, kaya ndi 2 koloko usiku kaya ndi Lamulungu. Musadikire kuti kuche. Apa pamafunika sikani ya MRI, yomwe imajambula m'kati mwa thupi n'kuonetsa madisiki ndi mitsempha, ndipo nthawi zambiri opaleshoni yachangu, chifukwa mtsempha ukafinyika nthawi yaitali umafa, ndipo wakufawo subwerera.

Chomwe chimandipweteka mtima n'choti anthu amachedwa chifukwa cha manyazi. Ndimakumbukirabe mayi wina wa ana atatu, msana unamugwira akukweza beseni la zovala zonyowa, anagona monga anamuuzira anzake, tsiku lachitatu anayamba kudzikodzera koma sanauze munthu, ankangosintha zofunda mobisa mwamuna wake akatuluka. Anabwera naye patatha masiku 9 miyendo italeka kumunyamula. Opaleshoni inachitika koma mpaka pomwe ndinamuona komaliza ankakodzabe kudzera m'kapaipi. Anandiuza kuti adokotala, ndimaona ngati ndikanena mundiseka. Amayi anga, abambo anga, ife sitiseka zimenezo. Mukafika musangoti msana ukupweteka, chifukwa mukatero mukhala pamzere ngati wina aliyense. Nenani mawu ake enieni pakhomo pomwepo, kuti sindikumva kumaliseche, mkodzo sukutuluka. Mawu amenewo ndi omwe amatithamangitsa.

Palinso ena omwe sakuyenera kudikira masabata 6 aja. Ngati msana ukupweteka limodzi ndi kutentha thupi, kuonda kosadziwika bwino, thukuta la usiku, kapena ululu woti sukusintha ngakhale mugone bwanji ndipo ukukudzutsani usiku, kayezetseni. TB simangogwira mapapo okha, imalowanso m'mafupa a msana, ndipo munthu amatha miyezi akunamizira mopu pomwe fupa likudyeka. Chimodzimodzi amene munadwalapo khansa, amene chitetezo cha m'thupi chinatsika, amene mwamwa mankhwala ngati prednisolone nthawi yaitali, amene munagwa kuchokera pamwamba kaya pa mpando mukupachika makatani, ndi achikulire omwe msana wayamba mwadzidzidzi atangoterereka pang'ono. Ululu wa m'mbali chapamwamba wobwera ndi kuzizidwa komanso kuwawa pokodza nthawi zambiri umakhala wa impso, umenewo ukufuna mankhwala ake, kugona sikungauchotse.

Za mapilitsi. Ibuprofen kapena diclofenac amathandiza masiku oyambirira, cholinga chake n'choti muthe kudzuka ndi kuyenda, osati kuti mugone bwino masabata awiri. Imwani mutadya, kwa masiku ochepa, ndipo musaphatikize awiriwa, ndi a banja limodzi, mukungochulukitsa ngozi m'mimba ndi ku impso. Amene muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso kapena la mtima, amene mukumwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndi amayi oyembekezera, funsani kaye achipatala musanamwe. Paracetamol payekha pa msana sachita zambiri, kafukufuku wamkulu wa ku Australia mu 2014 anapeza kuti omwe anamwa sanachire msanga kuposa omwe anapatsidwa mapilitsi opanda mankhwala, nde musamachulukitse poganiza kuti akuchepa, malire a munthu wamkulu ndi magalamu 4 pa tsiku ndipo kupyola apo mukuwononga chiwindi. Lamba womanga m'chiuno uja nayenso si mankhwala, ena amavala miyezi osavula, palibe umboni woti amachiritsa.

Ambiri amakwiya tikakana kuwajambula eksireyi. Eksireyi imaonetsa mafupa, minofu ndi mitsempha sizioneka, nde kwa munthu yemwe wabinya pochapa ndipo alibe zizindikiro zoopsa zija palibe chomwe itiuze. Ngakhale MRI imene, mukajambula anthu a zaka 20 omwe msana sukuwapweteka n'komwe, pafupifupi 3 pa 10 aliwonse mupeza disiki yofutuka pang'ono, ndipo kwa okalamba ndi ambiri zedi. Ndi ngati imvi, zimabwera ndi zaka. Vuto ndi loti munthu akamva kuti disiki yanu yafutuka amaopa kusuntha, n'kubwerera pabedi paja, komwe ndikukuchondererani kuti musapiteko.

Popewa, yang'anani ntchito zomwe mumagwira tsiku lililonse mosaganizira. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, nde ndowa ya malita 20 ndi makilogalamu 20, ndipo mukainyamula dzanja limodzi thupi lonse limapendekera mbali. Gawani pawiri, ndowa ziwiri za theka dzanja ili ndi ili, kapena yendani maulendo awiri. Pokweza chinthu pansi chiyandikireni, tangadzani miyendo, pindani mawondo, chikumbatireni pafupi ndi mimba, ndipo potembenuka sunthani mapazi osati kupotokola chiuno. Mwana wolira pansi timamutola mothamanga mikono ili patali, njutani kaye mumukokere pachifuwa kenako imirirani. Sofa, fuliji, kabati, musakoke nokha, itanani wina, ndipo kukankha kuli bwino kuposa kukoka.

Koma kunena zoona chomwe chimavulaza anthu si katundu wolemera yekha ayi, palinso kuwerama nthawi yaitali. Beseni lili pansi, inu mwapinda msana ola lathunthu mukuchapa, nde pomaliza penipeni minofu itatopa kale ndi pomwe mukukweza beseni lodzadza zovala zonyowa, apo ndi pomwe umati tswa. Ikani beseni patebulo kapena pa chinthu chokwera kufika m'chiuno, kapena khalani pa kampando kafupi. Mphindi 20 zilizonse imirirani, gwirani m'chiuno, dziwongoleni chakumbuyo pang'ono, yendani masitepe angapo. Tsache ndi mopu zikhale za mpini wautali, ndipo muziyenda nazo m'malo motambasula mikono mpaka kukona. Ngati mukukolopa ndi chiguduli kuli bwino kugwada pa kansalu kopindidwa kusiyana ndi kuwerama miyendo ili chiwongokere, poyala bedi chimodzimodzi, gwadani polowetsa shiti pansi pa matilesi. Potsuka mbale kapena posita, pondetsani phazi limodzi pa kanjerwa kapena kabokosi n'kumasinthasintha. China chomwe ambiri sadziwa, usiku madisiki amamwa madzi n'kufufuma, mpaka m'mawa munthu amakhala wamtaliko pafupifupi sentimita imodzi, nde ola loyamba mutangodzuka si nthawi yabwino yowerama ndi katundu. Yambani ndi ntchito zoimirira, zonyamula zibwere thupi litatentha. Ndipo inu a m'nyumba, munthu mmodzi asamachape, kukolopa, kusita ndi kusuntha mipando tsiku limodzi ena muli pa foni, ambiri omwe ndimawaona ndi amayi ndi atsikana antchito omwe anapanikiza ntchito ya sabata yonse Loweruka limodzi.

Ululu ukayamba kuchepa musathamangire kuchapa mabulangeti onse omwe anaunjikana, bwererani pang'onopang'ono. Msana umakonda kubwereza mwa munthu amene anadwalapo, ndipo chomwe chimateteza kwambiri ndi kulimbitsa thupi, kuyenda ndawala mphindi 30 masiku ambiri pa sabata, kugona chagada mawondo opinda n'kumakweza matako pang'onopang'ono, kukokera mawondo pachifuwa. Kumva kuwawa pang'ono pochita zimenezi si ngozi, koma ngati ululu ukutsikira kumwendo mpaka kuphazi siyani mukaonane ndi dokotala kapena a fiziyo, achipatala omwe amathandiza pochititsa mafizo olimbitsa thupi. Osuta fodya dziwani kuti madisiki anu amatha msanga. Masabata 6 akatha osasintha bwerani, musadikire kuti ifike miyezi 3 pomwe ululu umayamba kukhazikika.

Ngati m'nyumba mwanu muli munthu amene wagona ndi msana panopa, lowani kuchipindako lero lomwe, tsekani chitseko ana asamve, mumufunse mwaulemu kuti amayi, kaya abambo, mwakodza liti komaliza, ndipo mukadzipukuta mukumva bwinobwino? Akayankha kuti zonse zili bwino, mugwireni dzanja adzuke ayendeko mpaka pakhomo ndi kubwerera. Akazengereza kuyankha kapena akayang'ana kumbali, musamufunsenso kachiwiri, kafuneni galimoto.