Musanasunthe boot partition, onani kaye magetsi

Sabata yatha mtsikana wina wa ku UNZA anabwera ndi laputopu ku shopu yanga ku Kamwala. C:, gawo la disiki momwe mumakhala Windows, inali itadzaza mpaka kufiira. Anali atafufuta kale gawo lina la D: kuti C: ikule, koma mu Disk Management, pulogalamu ya Windows yokonzera magawo a disiki, mawu oti Extend Volume (kulitsa gawo) anali otuwa, osadinika. Amene anamuikira Windows anasiya kagawo kakang'ono pakati pa C: ndi malo opanda kanthuwo. "Ankolo, tangokachotsani," anatero.

Ndinakana. Kagawoko ndi boot partition, dzina lake EFI System Partition, momwe mumakhala mafayilo amene kompyuta imawerenga ikangoyatsidwa kuti ipeze Windows. Mukakafufuta, makinawo sadzukanso. Komanso ndi kochepa kwambiri: Windows imakonda kukapatsa 100 MB, pa madisiki ena 260 MB. Vidiyo imodzi ya ukwati imaposa pamenepo.

Ndiye timakasunthiranji? Taganizani za nyumba ku Matero. Kuseri kuli puloti yopanda mwini, koma pakati pali kantemba. Simungakulitse chipinda kantembako kasanachoke. Windows nayonso imakulitsa C: pokhapokha ngati malo opanda kanthu agundana nayo kudzanja lamanja. Timasuntha kagawo kaja kuti njira itseguke basi.

Ine ndimayatsa kompyuta kuchokera pa flash ya GParted, pulogalamu yosunthira magawo a disiki, chifukwa simungasunthe gawo limene likugwira ntchito. Ndisanakhudze kalikonse ndimakopera mafayilo onse pa disiki ina, ndipo ngati BitLocker, loko wa Windows wotsekera disiki, ili yoyatsa, ndimaonetsetsa kuti mwiniwake ali ndi recovery key yake, kiyi yotsegulira ya manambala 48. Kenako batire. Izi ndimazinena mobwerezabwereza chifukwa zimandipweteka mtima: kuno magetsi amazima osatsazika, ndipo akathima ntchito ili pakati, zithunzi ndi zolemba za zaka zambiri zitha kutayika. Batire ikakhala yofooka, pezani inverter kapena dikirani tsiku lina.

Mukamaliza, nthawi zina Windows imakana kudzuka. Musachite mantha. Lamulo la bcdboot, lolembedwa kuchokera pa flash yoikira Windows, limabwezeretsa mafayilo oyatsira.

Kwa amene amagwiritsa ntchito Ubuntu m'malo mwa Windows ndipo gawo lawo loyatsira la /boot ladzaza, kawirikawiri vuto ndi ma kernel akale, mafayilo amene ali mtima wa Ubuntu. Yambani ndi lamulo la sudo apt autoremove lowachotsera, za kusuntha iwalani kaye.

Mtsikana uja tinamusunthira kagawoko kumapeto kwa disiki, C: inatenga malo onse a D:, ndipo ananyamuka dzuwa lisanalowe kukakwera minibasi ya ku Great East Road.