Kulandira alendo pa famu: bizinesi yachiwiri imene ambiri saiwerengera

Mlimi akaganiza zoti famu yake izilandira alendo olipira, maganizo ake amathamangira ku zomanga. Amafuna chipata chokongola, tinyumba togona, malo osewerera ana, mwinanso dziwe loti anthu azipalasamo mabwato. Pa ntchito yanga yolangiza eni malo otere ndimawapempha kuti ayambe adekha. Chimene akufuna kuyambacho ndi bizinesi yachiwiri, yokhala ndi malamulo ake, ndalama zake ndi mavuto ake, ndipo iyenera kukhalira limodzi ndi ulimi popanda kuumeza.

Dziko la Italy linazindikira zimenezi msanga. Mu 1985 linakhazikitsa lamulo loyendetsera kulandira alendo m'mafamu, lomwe linakonzedwanso mu 2006, ndipo mfundo yake yaikulu inali yakuti ulimi ukhale patsogolo, alendo azibwera pambuyo pake. Ku France nako, kuyambira mu 1988 kuli mgwirizano wa mafamu olandira alendo wotchedwa Bienvenue à la ferme, umene mamembala ake ndi alimi enieni. Ine mfundo imeneyi ndimagwirizana nayo ndi mtima wonse. Munthu amasiya tauni kudzaona mkaka ukukamidwa, kudzathyola yekha zipatso mumtengo, kudzamuonetsa mwana wake kumene dzira limachokera. Mukagulitsa ng'ombe kuti mumalize zipinda zogona, mwagulitsa chimene mlendo amadzera, ndipo mwatsala pa mpikisano ndi mahotela, amene ntchito yoyala mabedi amaidziwa kuposa inu.

Ndalama zilimo, koma osati monga anthu amazikambira. Kalembera wa zaulimi wa ku United States wa mu 2017 anapeza kuti mafamu oposa 28,000 anapeza madola pafupifupi 950 miliyoni kuchokera kwa alendo ndi zosangalatsa zosiyanasiyana. Dzikolo lili ndi mafamu pafupifupi 2 miliyoni, ndiye kuti pa mafamu 100 aliwonse, ochita bizinesiyi sankakwana awiri. Komanso zimenezo ndi ndalama zolowa, musanachotse malipiro a antchito, inshuwalansi ndi zokonzetsa.

Nkhani imene ndimatherapo nthawi yambiri ndi ya manja a ana. Taonani mwana wa zaka zinayi ali pakhola la mbuzi. Wasisita kamwana ka mbuzi, wagwira thabwa la khola limene mbuzi zimadzikhulapo, watola chidole chake chimene chinagwa pansi, kenako chala chili m'kamwa. Zonsezi zachitika mayi ake akutsegula chikwama kufuna foni yojambulira. Ng'ombe, nkhosa ndi mbuzi zimatha kusunga m'matumbo tizilombo totchedwa E. coli O157 popanda kuoneka zodwala ngakhale pang'ono, ndipo tizilombo tochepa zedi n'tokwanira kudwalitsa mwana mpaka kuwononga impso zake. Mu 2009 pa famu ina yolandira alendo ku Surrey, ku England, anthu 93 anadwala ndi tizilombo timeneti, ambiri mwa iwo ana aang'ono, ndipo ena anagonekedwa m'chipatala impso zitasiya kugwira bwino ntchito. Zimene zinachitika kumeneko zinasintha malangizo a mafamu otere m'dziko lonselo.

Choti muchite n'chosavuta kumva, koma chimafuna kukhwimitsa. Posambira m'manja pakhale panjira yotulukira kuchoka kwa ziweto, pamalo poti munthu sangapazembe. Pakhale madzi oyenda, sopo ndi chopukutira chogwiritsa kamodzi, ndipo mpopi wina ukhale waufupi woti mwana afikire yekha. Mankhwala opaka m'manja opha tizilombo aja sakwanira pamene m'manja muli ndowe ndi dothi. Angathandizire, koma sangalowe m'malo mwa sopo ndi madzi. Malo odyera akhale kutali ndi makola, ndipo munthu afikeko atadutsa posambira. Amayi oyembekezera auzidwe momveka kuti asayandikire nkhosa ndi mbuzi zimene zikubereka kapena zangobereka kumene, chifukwa pali matenda angapo a ziwetozi amene amatha kuchititsa kupita padera. Chikwangwani pachokha sichigwira ntchito imeneyi. Pamafunika munthu woimirira pomwepo, wolankhula mwaulemu koma wosanyengerera, wouza kholo lililonse kuti "tiyeni tisambe kaye".

Matenda amayendanso njira yobwerera. Nsapato za mlendo amene dzulo anali pa famu ina, kapena matayala a galimoto yake, zimatha kukubweretserani chitopa, chigodola cha nkhumba kapena matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti ziweto zoti alendo azigwira zikhale zochepa, zosankhidwa chifukwa cha kufatsa kwake, ndiponso zikhale pazokha, kutali ndi ziweto zimene mumadalira pa malonda. Magalimoto aime kunja kwa malo a ziweto. Muzikumbukiranso kuti mliri ukabuka m'dera, boma likhoza kukutsekerani chipata ngakhale ziweto zanu zili bwinobwino. Mu 2001 matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atabuka ku United Kingdom, ziweto zoposa 6 miliyoni zinaphedwa, njira zoyendamo anthu kumidzi zinatsekedwa, ndipo ambiri amene ankadalira alendo anakhala miyezi osaona ndalama. Amene ali ndi ngongole yaikulu ya zomanga ndi amene amayamba kugwa pa nthawi ngati imeneyo.

Ngozi zina n'zoonekeratu, koma maso a mwini famu anazizolowera. Chitsime chosavindikira, thirakitala yosiyidwa makiyi ali momwemo, nyumba yosungira mankhwala opopera yosakhoma, waya wamagetsi, damu lopanda mpanda. Yendani njira yonse ya alendo ndi munthu amene sanakhalepo pa famu, ndipo muzigwada pena ndi pena kuti muone zimene mwana amaona. Mukatero pitani kwa a inshuwalansi. Inshuwalansi ya ulimi nthawi zambiri siteteza mlendo amene walipira kuti alowe, ndipo kukwera akavalo, mabwato kapena ngolo yokokedwa ndi thirakitala kumafuna kutchulidwa mwapadera. Yankho lawo likhale lolembedwa. Funsaninso akuluakulu a m'dera lanu za zilolezo zogoneka anthu, zogulitsa chakudya ndi zakumwa, ndiponso ngati malo olembetsedwa kuti ndi aulimi amaloledwa kuchitirapo malonda otere. Malamulo amenewa amasiyana dziko ndi dziko, choncho za mnzanu wa kwina musazitengere.

Tsopano za nthawi, zimene zimagwetsa mabanja ambiri mwakachetechete. Alendo amabwera Loweruka, Lamlungu ndi pa tchuthi, masiku amene banja likanapuma, ndipo kawirikawiri nyengo imene famu imakongola kwambiri ndi yomweyo imene ntchito imachuluka. Ng'ombe sizidikira kuti basi ya ana asukulu inyamuke. Funso limene ndimafunsa banja lililonse ndi lakuti: alendo akafika, adzasiya khasu ndani? Ngati yankho ndi "tonse", ndiye kuti palibe. Pafunika munthu mmodzi amene ntchito yake ndi imeneyo, ndipo akhale wokonda anthu, woti akhoza kuyankha funso lomwelomwelo tsiku lonse nkhope ili yowala. Mlimi waluso akhoza kukhala wosadziwa kucheza, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo, bola azindikire n'kupatsa wina udindowo.

Mabuku a ndalama akhale awiri. Chakudya cha ziweto zoonetsa, zipatso zimene alendo amaponda kapena kudya akuthyola, madzi, sopo, kupopa zimbudzi, maola a mwana wanu amene amagulitsa matikiti osalipidwa, zonsezi zilembedwe ku bizinesi ya alendo. Mukazisakaniza, ulimi umabisa kuluza kwa alendo kwa zaka, inu n'kumaona ngati zikuyenda poti anthu akudzaza.

Kudzazako nakonso kuli ndi malire. Chiwerengero cha anthu amene malo anu angalandire chimadalira chinthu chimene chili chochepa kwambiri, ndipo nthawi zambiri ndi zimbudzi, poimika magalimoto kapena mthunzi, osati kukula kwa munda. Anthu amakhululuka mvula ndi matope, koma chimbudzi chauve amachikamba kwa aliyense. Ndi bwino kuti alendo azisungitsiratu malo, kuti muzidziwa amene akubwera ndiponso kuti muzitha kunena kuti lero tadzaza. Magulu a sukulu amathandiza kudzaza masiku a pakati pa sabata, ndipo mwana amene wasangalala amabweranso ndi makolo ake. Anansi anu auzeni musanayambe, chifukwa fumbi, phokoso ndi magalimoto otseka njira adzazimva ndi iwowo.

Zokopa zabwino kwambiri zimachokera pa zimene famu ili nazo kale. Mu 1993 ku Annville, m'chigawo cha Pennsylvania ku United States, anadula tinjira tosokoneza m'munda wa chimanga kuti anthu azilowa n'kumafunafuna potulukira, ndipo maganizowo anafalikira m'mayiko ambiri. Ubwino wake ndi wakuti nyengo ikatha chimangacho chimakololedwa, ndipo munda umabwerera ku ntchito yake. Poyambira pabwino m'potere: nyengo imodzi, masiku ochepa odziwika, njira imodzi yoyendamo, zimbudzi zaukhondo ndi posambira m'manja. Lembani amene abwera, kumene achokera, nthawi imene akhala, zimene agula ndi zimene afunsa koma inu mulibe. Ngati ambiri akufunsa malo ogona, pamenepo mukhoza kuyamba kuwerengera njerwa, ndipo muyambe ndi chipinda chimodzi kapena ziwiri zimene mungazilipire ngakhale nyengo yotsatirayo chipata chitatsekedwa.