Moto ukabuka m'ndende: mafunso ndi mayankho kwa achibale a akaidi ndi ogwira ntchito ku Mangochi

Amene ali ndi m'bale wawo kundende ya Mangochi amadera nkhawa za chakudya, mphere, chifuwa chachikulu ndi tsiku la mlandu. Za moto sizibwera msanga m'mutu. Komatu anthu a pa boma pano sanaiwale moto umene unawononga mbali ina ya chipatala chachikulu cha Mangochi mu Epulo 2018. Kuchipatala wodwala angathe kuthawa kapena kunyamulidwa, poti zitseko sizikiyidwa. Kundende munthu amagona loko ali kunja kwa chitseko, ndipo kiyi ali m'manja mwa wina.

Kodi moto wa m'ndende umasiyana pati ndi wa pakhomo?

Umasiyana pa kiyi basi. Pakhomo mukamva utsi mumadzuka, kunyamula ana n'kutuluka. Mkaidi sangatero. Moyo wake umadalira kuti amene wasunga makiyi ali pati, wamva msanga kapena ayi, ndipo ali ndi chilolezo chotsegula kapena akudikira kaye bwana.

Ku Comayagua m'dziko la Honduras, moto wa mu Febuluwale 2012 unapha anthu oposa 350 usiku umodzi, ambiri ali m'maselo okiya chifukwa makiyi sanapezeke msanga. Mu Seputembala 2021 akaidi 49 anafa kundende ya Tangerang ku Indonesia, ndipo mu Disembala chaka chomwecho boma la Burundi linalengeza kuti akaidi 38 afa ndi moto kundende ya Gitega. Ndende zitatu zonsezi zinali zodzaza kupyola muyeso. Vuto limeneli si lachilendo kwa ife.

Nanga moto umayamba bwanji pamalo poti machesi ndi oletsedwa?

Kawirikawiri ndi magetsi. Ku Tangerang ndi ku Gitega akuluakulu analoza ku mawaya. Nyumba zakale zimakhala ndi mawaya otha ntchito, ndiye wina akalumikizapo kawaya kake mwamseri kuti atenthetse madzi kapena kutchaja foni yobisa, waya amatentha mpaka kuyatsa nsanza zoyandikana naye. Magetsi a ESCOM akazima pamabwera vuto lina, la makandulo ndi zikoloboyi. Kukhitchini nako, kumene amaphika nsima ya anthu mazanamazana, nkhuni siziyenera kuunjikidwa pafupi ndi mafuwa, ndipo makala a madzulo azithiridwa madzi, osangowakwirira ndi phulusa.

Pali fodya wosutira mobisa pansi pa bulangete. Palinso kuyatsa dala pokwiya kapena pofuna kuthawa. Kuotcha nyumba mwadala ndi mlandu waukulu pansi pa gawo 337 la malamulo a zilango, ndipo chilango chake chimatha kufika pokhala kundende moyo wonse.

Kuno ku Mangochi tiwonjezerepo nyengo. Mwera ukamaomba mu Juni ndi Julaye moto umathamanga, ndipo pofika Okutobala chilichonse chimakhala chauma gwa. Udzu wa m'mbali mwa mpanda uzilambulidwa dzinja likangotha.

Chimapha anthu ndi malawi?

Ambiri amafa ndi utsi malawi asanawafike. Matiresi a siponji, mabulangete, zigubu ndi majumbo opachikidwa m'makoma zikamapsa zimatulutsa utsi wakuda wapoizoni. M'selo ya timawindo tating'ono tam'mwamba utsiwo ulibe kolowera, ndipo munthu amakomoka pa mphindi zowerengeka. N'chifukwa chake kudikira galimoto ya ozimitsa moto chitseko chili chokiya n'chimodzimodzi kuwapereka anthuwo ku imfa.

Lamulo likuti chiyani?

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko lino limati aliyense wosungidwa m'ndende, kaya wagamulidwa kale kaya ali pa rimandi, asungidwe mosamunyozetsa umunthu wake, apatsidwe chakudya chokwanira ndi chithandizo cha kuchipatala pa ndalama za boma. Gawo 16 limateteza moyo wa munthu aliyense, ndipo silipatula mkaidi. Gawo 169 linakhazikitsa bungwe loyendera ndende, lotsogozedwa ndi woweruza wa bwalo lalikulu, limene ntchito yake ndi kuona mmene akaidi akusungidwira n'kukapereka lipoti. Ombudsman amakhala nawo m'bungwelo.

Mu 2009, pa mlandu umene Gable Masangano anasumira boma, khoti linagamula kuti kuthithikana kwa m'ndende zathu kukuphwanya ufulu wa akaidi, ndipo linapereka miyezi 18 yoti kuthithikanako kuchepetsedwe ndi theka. Chigamulocho sichinkanena za moto, koma ine ndimachiwerenga ngati lamulo loyamba la chitetezo ku moto. Selo imene anthu ena akugona chokhala pakati, pamene akaidi amati pa shamba, singatulutse anthu onse pakhomo limodzi popanda kupondana. Choncho mapalalego, amene amathandiza akaidi pa za malamulo, ndi makhoti amene amakazengera milandu kundende komweko, akamatulutsa pa belo anthu a milandu ing'onoing'ono, akugwiranso ntchito yoteteza moyo.

Kunja kwa dziko kuli malamulo a United Nations a kasungidwe ka akaidi, otchedwa Nelson Mandela Rules, amene anavomerezedwa mu 2015.

Moto wabuka pakati pa usiku. Msilikali wa ndende ayambe ndi chiyani?

Alize wezulo kapena belu ndi kukuwa, kuti anzake onse ndi a kumalaini adzuke. Wina aimbire mkulu wa ndende, apolisi, chipatala ndi ozimitsa moto nthawi yomweyo. Manambala amenewa azikhala olembedwa pakhoma la pageti, osati m'foni ya munthu mmodzi amene mwina tsikulo ali pa holide. Wina athamangire kukazimitsa magetsi pa switchi yaikulu, tochi ili m'manja.

Kenako atsegule. Ayambe ndi selo imene muli motowo, atsatize zoyandikana nayo ndi zimene utsi ukulowera. Apa ndi pamene dongosolo labwino limasiyanirana ndi la papepala chabe. Ngati malamulo a ndendeyo amati chitseko sichitsegulidwa usiku popanda mkulu, payenera kukhala chilolezo cholembedwa kale choti moto ukabuka msilikali wa pa dyute atsegule osadikira aliyense. Makiyi azikhala pamalo amodzi odziwika, kiyi aliyense ali ndi chizindikiro choti munthu angachizindikire ngakhale mumdima, ndipo ena apadera azisungidwa kwina. Pafupi pazikhalanso chodulira maloko ndi hamala yaikulu, chifukwa loko akatentha kapena akachita dzimbiri amakana kiyi wake yemwe.

Akaidi apite pabwalo la mkati mwa mpanda, mbali imene mphepo ikuchokera, akhale pansi selo ndi selo, ndipo awerengedwe poyerekeza ndi chiwerengero cha madzulo potseka. Amayi ndi ana awo akhale paokha. Odwala, okalamba ndi olumala akhale ndi anthu osankhidwiratu owanyamula. Chiwerengero chikapanda kukwana, auzidwe ozimitsa moto selo yake. Asabwereremo munthu wamanjamanja.

Zonsezi sizingatheke ngati sizinayesezedwepo. Kuyeseza kwa masana asilikali ali ambiri n'kosavuta. Koyenera ndi kuyeseza ndi chiwerengero cha asilikali chimene chimakhalapo usiku.

Kodi akatsegula akaidi sathawa?

Ena angayese. N'chifukwa chake potulukira pake ndi bwalo la mkati, geti lalikulu lili chitsekere, asilikali ena ndi apolisi atazungulira kunja. Wothawa amasakidwa, amagwidwa, ndipo amawonjezeredwa mlandu. Wofera m'selo sabwerera. Msilikali amene wasiya anthu kuti afe poopa kufunsidwa za mmodzi wothawa adzakhala ndi funso lolemera kwambiri loti ayankhe.

Nanga mkaidi amene ali mkatimo achite chiyani?

Akuwe ndi kumenya chitseko msanga. Vuto limene limakhalapo ndi lakuti oyambitsa motowo amayamba abisa, poopa chilango cha kawaya kapena fodya uja, n'kumayesa kuzimitsa okha mpaka zitafika poipa. Anyapala, akaidi amene amayang'anira anzawo m'selo, azidziwitsidwa momveka kuti kuchedwa kunena ndiko kulakwa kwakukulu.

Moto ukadali waung'ono auphimbe ndi bulangete lonyowa. Utsi ukachuluka onse agwade kapena kukwawa, chifukwa mpweya wabwinoko umakhala pansi, nsalu yonyowa ili pamphuno. Asadzazane pachitseko, apo ayi wotsegula alephera ndipo ofooka apondedwa. Zovala zikagwira moto munthu asathamange, agone pansi n'kugubuduka.

Shire ali pafupi. Madzi sangakwanire?

Madzi amazimitsa nkhuni, nsalu ndi mapepala. Pa moto wa magetsi amene sanazimitsidwe, madzi angathe kupha wothirayo. Pa mafuta ophikira kapena dizilo wa jenereta amamwaza motowo. Pamenepo pamafunika mchenga, chivundikiro, kapena chozimitsira moto cha ufa kapena cha mpweya wa CO2. Ndowa za mchenga n'zotsika mtengo ndipo kuno mchenga sitigula. Zozimitsira zija zimafuna kupimidwa chaka ndi chaka. Chofiira chopachikidwa pakhoma chimene muvi wake unagwa kalekale ndi chokongoletsa chabe. Ndipo mtsinje suthandiza pa mphindi zisanu zoyambirira ngati mulibe madiramu odzaza mkati mwa mpanda.

Wopsa athandizidwe bwanji?

Thirani madzi oyera ozizira pabalapo kwa mphindi 20. Musapake dzira, mankhwala otsukira mano, mafuta kapena dothi. Musamatule nsalu imene yakanirira pakhungu, ndipo matuza musawaboole. Aliyense amene wapuma utsi wambiri, makamaka amene mawu asasa kapena ali ndi mwaye m'mphuno, apite kuchipatala ngakhale akuoneka wamphamvu, chifukwa kukhosi kumatha kutupa patapita maola.

Ife achibale tingachitepo chiyani?

Pokaona m'bale wanu musamulowetsere machesi, laitala, makandulo kapena mawaya, ngakhale atachonderera chotani. Mukamva kuti kundende kwabuka moto musakhamukire pageti, mungatseke njira ya ambulansi. Malamulo a Mandela aja amati akuluakulu a ndende adziwitse achibale mkaidi akavulala kwambiri, akasamutsidwira kuchipatala kapena akamwalira, ndiponso kuti imfa ya m'ndende ifufuzidwe ndi anthu osakhala a ndendeyo. Choncho onetsetsani kuti nambala yanu ya foni inalembedwa bwino m'kaundula. Ngati simukuuzidwa zomveka, kadandauleni ku Malawi Human Rights Commission, kwa Ombudsman kapena ku Legal Aid Bureau, mutalemba dzina la m'bale wanu, tsiku la ngoziyo ndi udindo wa amene munayankhula naye pageti.