Mpanda wa Van Riebeeck m'munda wa Kirstenbosch

Mu Ogasiti ndi Seputembala, mvula ya nyengo yozizira ikamatha ku Cape Town m'dziko la South Africa, munda wosungiramo zomera wa Kirstenbosch, womwe uli m'tsinde mwa phiri la Table, umachita kuwala. Timaluwa ta ku Namaqualand, dera louma la kumpoto kwa Cape Town, tachikasu ndi toyera, timayala pansi ngati mkeka, ndipo timatseguka dzuwa likakwera n'kudzitsekanso madzulo. Chakumtunda kuli maluwa a protea, omwe timbalame ta milomo yaitali timawakonda. Alendo ambiri amangothera pamenepo, osafika pamene pali mitengo ina yakale yopiringizana, yomwe nthambi zake zimachita kukwawa pansi.

Mitengo imeneyo ndi yotsalira ya mpanda umene Jan van Riebeeck analamula kuti ubzalidwe mu 1660. Mkuluyu anafika ku Cape mu 1652, atatumidwa ndi kampani ya Adatchi yochita malonda ku East Indies kuti zombo zizipezapo madzi, ndiwo zamasamba ndi nyama. Posakhalitsa Adatchi anayamba kulima m'madambo momwe Akhoikhoi ankadyetsera ng'ombe zawo chiyambire makolo awo. Mu 1659 kunabuka nkhondo. Itatha, anabzala mitengo ya mtundu wa Brabejum, yomwe imakula mothithikana, kuti ng'ombe zisamadutse ndiponso eni dziko akhale kunja. Tangoganizani, mtengo wa m'dziko lawo lomwelo ndi umene unawatsekera msipu.

Malowa anadutsa m'manja mwa alimi angapo mpaka Cecil Rhodes, Mngelezi wolemera ndi migodi, anawagula mu 1895. Atamwalira mu 1902 anawasiyira boma, ndipo malowo anasanduka tchire loyendamo nkhumba.

Amene anawaukitsa ndi Harold Pearson, katswiri wa zomera wochokera ku England. Mundawu unakhazikitsidwa mu 1913 ndi cholinga chosazolowereka pa nthawiyo: kusamalira zomera za m'dziko momwemo, pamene minda ina yotere inkanyadira mitengo yochokera kutali. Pearson anagwira ntchito ndi ndalama zoperewera, ndipo anamwalira mu 1916 asanaone zipatso zake. Manda ake ali m'munda momwemo.

Ena amaona kuti mpandawu ndi chiyambi cha tsankho lomwe linadzazunza dziko la South Africa, ndiye sakondwa kuuona ukusamalidwa. Ine ndimati usadulidwe. Ukachoka, mwana wasukulu wobwera kudzaona maluwa adzamva za Rhodes ndi Pearson okha, osadziwa kuti m'tsinde mwa phiri la Table munkadya ng'ombe za Akhoikhoi.